Galimoto ya Malemu Sinapite ku Chipoka

Amuna anga atamwalira anasiya galimoto yaing'ono yoyera, imene anagula atagwira ntchito zaka zambiri pa loji ina ku Senga Bay. Ali chidwalire anandiuza kuti galimotoyo ndiyo sukulu ya mwana wathu wamwamuna, amene anali ku koleji ku Lilongwe. Fizi ikadzavuta, ndidzaigulitse. Ng'ombe tinalibe, ndipo munda wathu ndi wochepa.

Ndinali pa eda, masiku amene mkazi wamasiye wachisilamu sachoka pakhomo. Sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi chimwalirire, itayandikira, kunabwera alamu anga, ang'ono awo a malemu.

"Alamu, makiyi aja. Mnyamatayu apite akatenge abale ku Chipoka. Panjira anyamuleko awiri atatu olipira, apezeke a mafuta."

Mwana wanga anali atafika dzulo lake, laisensi yake ikadali yatsopano. Anandiyang'ana ndi maso opempha.

Ndinafunsa za inshuwalansi. Alamu anaseka n'kuloza galasi lakutsogolo.

"Kapepala si ako kamatidwa apo? Sikanathe ntchito ayi. Wapolisi amaona kapepala, saona nkhope ya woyendetsa."

Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye sindikanawatsutsa. Chimene ndinkadziwa n'chakuti malemu sankabwereketsa galimotoyo kwa munthu, ngakhale kwa alamuwo. Ndinauza mwana kuti ayimbire a inshuwalansi, akweze foni kuti tonse timve.

Anayankha ndi mayi wina wa mawu odekha. Anayamba watipepesa maliro, kenako anafotokoza kuti malemu analembetsa kuti woyendetsa ndi iwo okha. Mwanayo akakachita nayo ngozi, kampani sikonza galimotoyo. Kunyamula anthu olipira nakonso kuli ndi inshuwalansi yakeyake. Anati ndikadzatha kuyenda, ndidzapite ndi kalata ya imfa kuti akasinthe dzina.

Ndinaganiza za msewu wa ku Chipoka, njinga za kabaza, mbuzi zodumpha mwadzidzidzi, ndi mwana amene sanayendetsepo galimoto yodzaza anthu. Makiyi ndinawamanga pansonga ya chitenje changa.

"Ndiye alendo abwere wapansi?" anatero alamu.

"Abwera pa matola, monga anabwerera pa maliro."

"Ii, achimwene angogona kumene, inu mwayamba kale umwini wa chuma?"

"Mwini wake ndi uyu waima apayu. Koma ayambe wamaliza sukulu."

Alamu anachoka osatsanzika. Mwana wanga naye anandikwiyira mpaka madzulo, ndipo ndinamusiya.

Abale anabweradi pa matola, atatuwa ndi fumbi. Azakhali ena anandipatsa moni wa kumphuno, ndipo mawu akuti ndine woumira anazungulira mpaka kumene amayi ankaphika mpunga. Duwa yopempherera malemu inachitika bwinobwino, anthu anadya, anabalalika.

Eda itatha ndinapita ku boma la Salima ndi kalata ya imfa. Anandibweza kangapo, lero kulibe chidindo, mawa kulibe bwana, koma mapepala anatuluka m'dzina langa. Fizi ya chaka chomaliza itavuta, ndinagulitsa galimotoyo kwa munthu wina wogula mpunga ku Chinguluwe. Anaizungulira, anagwada kuyang'ana kunsi, sanapeze pophwanyika.

Mwana anamaliza koleji ndipo ali pa ntchito. Mpaka lero akabwera amadandaula kuti galimoto ya bambo ake sanayendetseko ngakhale kamodzi. Ndimamuuza kuti agule yake, alembetse dzina lake, adzanditenge.