Bambo Ali ku Joni

Chaka chimene bambo anga anatengedwa ndi apolisi, ndinali Fomu 2 ku Mzuzu. Ndinkakhala ku Chibavi kwa asibweni, alongo awo a amayi. Bambo anali mphunzitsi kumudzi kwathu ku Nkhata Bay. Anadandaula pamaliro ena za makadi a chipani, ndipo sabata yomweyo galimoto inabwera kudzawatenga. Sitinauzidwe kumene anapita nawo.

Mvula isanathe, mutu wanga unayamba kutentha. Ndikatsegula buku, zilembo zinkangoyandama. Galimoto ikaima pamsewu, mtima unkagunda mpaka kukhosi. Ahedi anauza asibweni kuti ndikapanda kuchira teremu isanathe, ndibwerere kumudzi, malo anga apatse wina.

Asibweni ananditengera kukachipatala kena ka mishoni. Tili m'njira, m'chifunga cha m'mawa, anandigwira phewa.

"Mphwanga, akakufunsa za awuso, bambo akowo, unene kuti ali ku Joni, kumigodi. Wamva?"

"Ndamva, asibweni."

Mabanja ambiri ankatero masiku amenewo. Munthu akatengedwa, abale ake ankati ali ku Joni, ndipo womva ankangogwedeza mutu.

Pachipatalapo panali anthu awiri othandiza odwala maganizo, koma sankagwirizana kachitidwe. Woyamba anali dokotala wachinyamata wochokera ku Dedza, wokonda nthabwala. Iye ankati zakale n'zakale, chovuta ndi zimene munthu amadziuza lero. Ukasintha zodziuzazo ndi zochita zako, mtima umatsatira. Anandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono, n'kundituma kuti ndizikaima pafupi ndi depoti madzulo aliwonse kufikira thupi litazolowera phokoso la magalimoto.

"Achimwene, galimoto ikaima muzidzifunsa kuti, umboni uli kuti woti yabwerera ine? Kodi ndinu nduna, kuti magalimoto onse a mu Mzuzu azikufunani?"

Ndinaseka chifukwa iye anaseka. Umboni ndinali nawo, koma sukanatchulika.

Wachiwiri anali asisitere achikulire amene anaphunzira kunja. Iwo ankati chimene munthu wabisa sichifa, chimatulukira m'thupi. Ankatinso ntchito yawo si kulangiza koma kumvetsera popanda kuweruza, pakuti munthu akamvedwa bwino amapeza yekha njira. Lachitatu lililonse ndinkakhala nawo m'kachipinda konunkha sopo, iwo atapinda manja, ali chete.

Kukhala chete kumeneko kunkandivuta kwambiri. Kusukulu ya kumudzi ndinaphunzira kuti wamkulu akafunsa, yankho loyenera limakhalapo limodzi, ndipo mwana wabwino amalipeza. Choncho ndinkayang'ana nkhope yawo kuti ndidziwe chimene akufuna. Ndinawauza za mantha a mayeso. Ndinawauza za mchimwene wanga amene anamwalira ndi chikuku. Zonsezo zinali zoona, koma sizinali zimene zinkanditentha mutu.

"Nanga bambo ako?"

"Ali ku Joni, asisitere."

"Umawasowa?"

"Chomene."

Teremu itatsala pang'ono kutha, ndinalephera kumaliza mayeso a masamu. Ndinangotuluka m'kalasi. Ndinadziwa kuti Lachitatu lotsatira linali mwayi wanga womaliza. Ndinaganiza kuti ngati asisitere akunena zoona, ndikangolankhula chinthucho mutu uzizira, ndipo sukulu sindisiya.

Nditakhala pampando, sindinadikire funso.

"Asisitere, bambo anga sali ku Joni. Anabwera anthu ndi galimoto..."

Asisitere anaimirira msanga, mpando wawo n'kugwa. Anatseka zenera loyang'ana kukhonde kumene odwala ankadikira pabenchi. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mwana wanga, basi. Ndikudziwa. Ndinadziwa tsiku loyamba." Analankhula motsitsa kwambiri. "Muno mumalowa anthu ambiri, ndipo sindiwadziwa onse. Ukanena, ine ndamva, ndipo akadzandifunsa sindidziwa ngati ndidzalimba. Ganiza za amayi ako."

Ndinapepesa. Sindikudziwa chifukwa chake, koma ndinapepesa kawiri, n'kudzutsa mpando uja. Anandigwira dzanja nthawi yaitali. Kenako ndinathokoza kuti yewo, n'kutuluka.

Loweruka asibweni anandikweza basi ya ku Nkhata Bay ndi sutukesi yanga ya malata. Amayi anandichingamira pamsewu, atavala nsapato za bambo. Malo anga kusukulu anapatsa mnyamata wina wa ku Geisha, mu Mzuzu momwemo.