Mphoto ya Kalasi ya Rosebell

Rosebell Makwinja adabwera ku Zomba kudzachita digiri yachiwiri ya zamagetsi. Sabata yoyamba yomweyo a Pulofesa Stambuli, omwe ankayang'anira kafukufuku wake, adamupatsa choko ndi makiyi a labu.

"Undigwirireko kalasiyi masiku awiri okha, mwanawe. Ndikuthamangira ku wekishopu ku Lilongwe."

Masiku awiriwo adasanduka zaka ziwiri. A Pulofesa ankangobwera kudzasintha jekete n'kunyamukanso.

Ophunzira adalipo makumi asanu ndi limodzi, koma mita yoyezera magetsi idali imodzi. Magetsi enieniwo ankakonda kuzima pa ola la phunziro lake. Rosebell adayamba kututa mawayilesi akufa, maayironi ndi matochi omwe anthu a ku Masongola, komwe ankachita lendi, ankamutulira pakhomo poti ndi "a Injiniya". Ophunzira ankaziphwasula, kupeza vuto n'kuzikonza. Loweruka lina adakwera nawo phiri mpaka ku Mulunguzi atasenza mota yakale, ndipo madzi a mumtsinje adazunguza motayo n'kuyatsa babu masanasana. Atsikana adalulutira ngati kwabadwa mwana.

Chaka chimenecho kalasi yonse idakhoza. Pa mafomu owunikira aphunzitsi ophunzira adalemba zoyamikira zokhazokha, koma dzina lomwe lidasindikizidwa pamwamba lidali la a Pulofesa. Motero akuluakulu a sukulu adawasankha kukhala mphunzitsi woposa onse.

A Pulofesa adamuimbira foni ali m'galimoto. "Undilembere zokayankhula. Usaiwale za ulendo wathu wa kuphiri uja. Paja tidapita liti?"

Rosebell adalemba mtima ukuwawa, poti kafukufuku wake ankadikira siginecha yawo. Tsiku la mwambo wopereka mphoto a Pulofesa adawerenga mogwira mtima, mpaka adapukuta msozi pofotokoza momwe miyendo idawapwetekera pokwera. Ophunzira adaimirira n'kuwafulatira, kuwomba m'manja atayang'ana kukhomo komwe Rosebell adakhala. A Pulofesa adauza mnzawo kuti ana amasiku ano ndi amanyazi.

Mwambo utatha adasainira kafukufukuyo pa boneti ya galimoto, osatsegula tsamba ndi limodzi lomwe.

Lero Rosebell amaika magetsi a sola m'zipatala zakumidzi, ndipo atatu mwa ophunzira ake aja amagwira naye ntchito. A Pulofesa adakwezedwa. Akuti tsopano amayenda m'maboma kuphunzitsa aphunzitsi ena momwe angakhalire pafupi ndi ophunzira awo.