Khanda la Eni M'sitima

Ine ndi mkazi wanga tinakwera sitima yapamadzi ku Nkhotakota, ati tikapitidweko mphepo. Tinali titatha zaka zisanu m'banja, mwana osaoneka, ndipo azilamu anga anali atayamba kale kumufunira mwamuna wina. Koleji ndinaisiyira panjira, choncho kulephera sikunali kwachilendo kwa ine.

M'sitimamo munali mabanja okhaokha. Ife opanda ana masewera athu anali kunyamula ana a eni. "Achimwene, manja anuwo akungokhala, tagwirani uyu."

Mayi wina atabwera kudzatenga khanda lawo, mkazi wanga analikumbatira zolimba. "Pepani mayi, langogona kumene."

Khandalo linali maso, likutiyang'ana. Ndinaima pakati pawo n'kuyamba kuwafotokozera mayiwo, mwaulemu wonse, ubwino wa ndale za zipani zambiri zomwe zinali zitangobwera kumene, kuti mkazi wanga alinyamuleko pang'ono pokha.