Nyali Yomwe Sinawaone Achimwene

Ntchito yanga ndi ya magetsi. Sukulu ndinalekezera sitandade seveni. Zinazo ndinaphunzira ndi manja.

Ku Bangula kuli nyumba ina yosanja, yakalekale, yomwe anaigawa zipinda za lendi. Masitepe ake ali mkati, opanda zenera. Ngakhale masana mumakhala mdima. Madzi atakokolola nyumba ya achimwene anga ku Makhanga, ndinawapezera chipinda m'mwamba m'nyumba imeneyo, iwo ndi alamu. Zipinda za pansi zinali zodzaza. Achimwene anali atakalamba kale, maso atachita ng'ala, mwendo umodzi akuchita kukoka. Chimbudzi chinali panja, kuseri. Tsiku lililonse ankatsika masitepe amenewo kangapo.

Pamasitepe panali babu limodzi ndi swichi ziwiri, ina pansi, ina pamwamba. Achimwene ankapapasa khoma, n'kudina, n'kumatsika pang'onopang'ono.

Mwini nyumba anadandaula kuti anthu sazimitsa magetsi. Anagula tizipangizo timene timayatsa babu tokha munthu akamadutsa, n'kuzimitsa akapita. Amati sensa. Anthu a m'nyumbamo ankangoti diso. Mwini nyumbayo anandiuza kuti ndiike m'makolido onse ndi pamasitepe, swichi zonse ndichotse.

Ntchitoyo ndinagwira mu Juni, kukuzizira. Ndinakoka waya watsopano m'paipi, ndinaboola khoma, diso ndinalimanga pokhotera masitepe. Kunsi kwa diso kuli kasikuluwu kosinthira nthawi yoti babu likhale likuyaka. Ndinayesa ndi miyendo yanga. Kukwera, kutsika, kukweranso. Ndinaona kuti mphindi imodzi yakwana. Mawaya a swichi ndinawadula, mabowo n'kumata ndi simenti kuti wina asadzalumikizenso.

Patapita masiku ndinakawaona. Achimwene anali pamkeka.

"Mphwanga, nyali yako ija imandisiya panjira."

"Pati?"

"Ndikangokhota. Ndimaima mumdima ngati ng'ombe yosokera."

"Muzigwedeza dzanja, iziyakanso."

"Dzanja lina lili pakhoma, lina pandodo. Ndigwedeze chiyani, khutu?"

Alamu anaseka. Nanenso ndinaseka. Ndinakwera makwerero, ndinapotoza kasikuluwu kaja kufika mphindi zitatu. Ndinati nkhani yatha.

Kenako kunabwera Okutobala. Amene anakhalako kuno akudziwa. Khoma la masitepe aja limayang'ana kumadzulo. Dzuwa limaliwotcha masana onse. Ukaligwira dzuwa litalowa, limatentha ngati munthu wa malungo.

Diso lija siliona monga tionera ife. Limamva kutentha kwa thupi likamadutsa patsogolo pa khoma lozizira. Khoma likatentha mofanana ndi munthu, woyenda pang'onopang'ono silimumva. Izi ndinazidziwa mochedwa. Palibe anandiuzapo, ndipo pepala la m'katoni sindinawerenge. Linali la Chingerezi, zilembo zake zazing'ono.

Achimwene anandiitanitsa.

"Nyali yako yasiya kundidziwa. Akadutsa odula mzimbe okhala muno aja imayaka. Ndikadutsa ine, zii. Kapena yandiika kale m'gulu la akufa?"

"Musamalankhule choncho."

"Undibwezere swichi yanga, mphwanga."

"Mwini nyumba sangalole."

Mwini nyumbayo sindinamufunse n'komwe. Ndinangoti ndibwera mawa kudzayesa.

Kuno nyengo yotentha ntchito timalawirira. Ikamakwana naini koloko munthu wakhala kale pamthunzi. Ndinafika mbandakucha, khoma litapola usiku wonse. Ndinakwera, babu linayaka. Ndinatsika, linayaka. Ndinawagwira dzanja achimwene, tinatsika limodzi. Linayakanso.

"Mwaona? Ili bwino. Vuto ndi maso anuwo."

Anangopapasa pakhoma pomwe panali swichi, pa simenti yanga ija.

Sabata sinathe. Dzuwa linali litangolowa, alamu asanabwere kuchokera kumsika komwe ankagulitsa nsomba zouma. Achimwene anatsika okha. Anagwa kuchokera pokhotera mpaka pansi. Mayi wa chipinda cha pansi ndiye anamva kugwako. Anandiuza kuti pomwe ankathamangira pamasitepepo, babu linayaka bwinobwino.

Fupa la m'chiuno linathyoka. Tinawatengera kuchipatala ku Nsanje. Anakhalako nthawi yaitali. Anatuluka osayenda.

Ali m'chipatala muja, ndinabwerera kunyumba ija madzulo. Ndinatenga ndodo yawo. Ndinayambira pamwamba, dzanja pakhoma, mwendo ndikukoka monga amachitira iwo. Khoma linali moto. Sitepe yoyamba, mdima. Yachiwiri, mdima. Ndinadutsa pansi penipeni pa diso, silinandimve. Ndinafika pansi mumdima womwewo. Ndinakhala pa sitepe yomaliza kwa kanthawi.

M'mawa mwake ndinabwera ndi hamala ndi tchizulo. Ndinagumula simenti, ndinafukula mawaya aja, ndinabwezera swichi zonse ziwiri. Sindinapemphe aliyense. Mwini nyumba atabwera anayang'ana swichi, anandiyang'ana ine, n'kuchoka. Sanandiitanenso.

Ena amandiitanabe. Malo ogona alendo, maofesi, nyumba za antchito. Onse akufuna diso. Ndimawauza kuti tisiyeko swichi imodzi, kuno kumatentha. Amati wakuuza ndani, kutauni zikuyenda bwino. Ndimamanga. Ndikakana aitana wina, ndipo winayo ayesanso m'mawa.

Achimwene pano ali kwanga. Nyumba yanga ilibe masitepe. Amagona pamkeka pafupi ndi khomo, pomwe pamapita kamphepo. Kuwatembenuza timathandizana ndi alamu. Zakumunda ku Makhanga anasiya kufunsa. Alamu sanandinenepo kanthu, koma kuseka kuja anasiya.

Nkhani ya masitepe sitiikamba. Anaitchula kamodzi kokha, ndikuwasambitsa kumsana.

"Swichi ija unabwezera?"

"Ndinabwezera, achimwene."

"Zonse ziwiri?"

"Zonse ziwiri."

Ndinapitiriza kuthira madzi.

"Chabwino," anatero. "Adina ena."

Anapempha kuti ndiwatembenuzire kukhoma. Ndinawatembenuza.