Mjigo Wathu Unayezedwa ndi Udzu

Sabata ino ndatsala pang'ono kulira ndi mkwiyo, ndipo chondikwiyitsa ndi kaudzu.

Mjigo wa m'mudzi mwathu, kufupi ndi Mfuwe, unathyoka kachitsulo kolumikiza chogwirira ndi ndodo zotsikira pansi. Madzi anasiya kutuluka. Amayi onse, akazi anga omwe, anabwerera kukatunga ku Lupande, kumene ng'ona zachuluka chaka chino.

Tinatuma a Mwale, a komiti ya mjigo, ku Chipata. Kumeneko kuli malo osulira zitsulo okhala ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta. Mmisiri amangolemba manambala: utali, kunenepa, kukula kwa bowo. Makinawo amadula okha motsatira manambalawo, ndipo mukafuna zitsulo khumi, zonse zimatuluka zofanana. Satopa, sanjenjemera dzanja, sadzuka ndi matsire.

Nanga a Mwale ananyamula chiyani? Chitsulo chothyokacho anati n'chamafuta, chiwadetsera jekete. Anathyola udzu, n'kuyeza, n'kuponya m'thumba, monga timachitira pokagulira mwana nsapato. Mu minibasi anaukhalira, nsonga n'kuduka.

Mmisiri uja akuti anafunsa kawiri konse: "Mdala, ni mamilimita angati?"

"Pimani apa, ndiye saizi yake," anatero a Mwale, akumupatsa udzu.

Makinawo anamvera. Anatidulira tizitsulo tiwiri tonyezimira, tofanana ndendende, tonse tatifupi.

Pamsonkhano a Mwale anaimba mlandu makina, ati mmisiri wamanja akanadziwa kuwonjezerako pang'ono. Apa mpamene ndinapsa mtima. Kodi si "pang'ono" yemweyu amene watisaukitsa? Zitseko timazipala zitapachikidwa kale, mabawuti timawakakamiza ndi hamala, kenaka n'kumadabwa zinthu zikathyoka mwezi usanathe.

Makina a manambala sadziwa za pafupifupi, ndipo ubwino wake ndi womwewo. Ukawapatsa muyeso woona, amakubwezera chinthu choona kambirimbiri. Ife tinawapatsa udzu woduka.

Dzana ndinakwera ndekha minibasi, chitsulo chothyoka chili m'jumbo. Anachiyeza ndi chipangizo chawo, manambala n'kuwasunga mu kompyuta. Chatsopanocho chalowa popanda hamala, ndipo chikadzathyokanso akuti tidzangoimba foni.

Koma masiku asanu ndi anayi akazi anga akhala akutunga madzi maso ali pa ng'ona, ine mtima uli m'malere mpaka atabwera. A Mwale, jekete lija lidakali loyera?