Mandasi a Bambo Kamwendo

Ku Oshawa, m'dziko la Canada, ukatchula a Boniface Kamwendo, anthu amayamba kumeza malovu. Ntchito yawo ndi yosamalira okalamba, koma dzina anapangira mandasi. Lamlungu lililonse mapemphero akatha ankavundukula beseni m'chipinda chapansi pa tchalitchi, anzathu a ku Zambia n'kumalumbira kuti vitumbuwa zotere ngakhale ku Chipata kulibe. A Boniface ankangomwetulira, amvekere nkhani ndi dzanja. Chonsecho dzanjalo linali la mayi Elsie, akazi awo, omwe ankalawirira kukazinga bamboyo akuliza mkonono.

Matenda ena a bamboyu anali pakamwa. Mu sitima ya ku Toronto ankamvetsera pafoni zokambirana za anzeru akale a ku Girisi, ndiye kutchalitchi anthu asamwe tiyi mwamtendere. Mfundo imene ankaikonda inali yoti wolakwa dala amaposa wolakwa mosadziwa, poti dalaivala wophonya msewu mwadala ndiye kuti msewuwo amaudziwa. Ankawonjezera kuti ophunzira ena anakana zoti mfundo yopotoka chonchi inalembedwa ndi mphunzitsi wamkulu, akuti analemba ndi mwana wasukulu wake. Apa a Boniface ankaseka mpaka misozi, amvekere anthu kuchenjera, zokoma za mphunzitsi, zowawa za mwana wasukulu.

Tsiku lina mayi Agness a ku Lusaka analuma kamodzi, nkhope n'kukwinyika. Mchere wokhawokha! A Boniface analawa, thukuta kamukamu, kunja kukugwa chipale. Ulemu wa zaka zonsezi unali kutha anthu akuona. Anafulumira kulengeza kuti lero lokha anakazinga ndi mayi, iwo anali atatopa ndi shifiti.

A Solomon, mkulu wa mpingo, anaika kapu pansi. "Zokoma za mphunzitsi, zowawa za mwana wasukulu, eti achimwene?"

Anthu anaseka, koma a Boniface anaumirirabe kuti mayi sanazolowere, tiwakhululukire. Mayi Elsie ankapukuta masupuni.

"Musawavutitse bambo," anatero mwaulemu wonse. "Mcherewo ndathira dala, muja ndimathirira shuga dala Lamlungu lililonse. Paja anatiphunzitsa okha kuti wolakwa dala ndiye katswiri. Sabata yamawa akazinga okha, mudzalawe za wolakwa mosadziwa."

A Boniface anatola limodzi, nalitafuna lonse pang'onopang'ono, osayerekeza kupempha madzi.