Pepala Lopanda Mzere wa Ba Kabamba

Phineas Kabamba anabwera ku Lusaka kuchokera ku Luapula chaka cha ufulu, ali ndi sutikesi ya malata ndi dzanja lolemba bwino. Dzanjalo ndilo linawadyetsa. Anagwira ukalaliki pa sitolo ina ya zitsulo ku Kamwala, ndipo pofika 1975 anali wapampando wa sekishoni ya chipani ku Kabwata. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, choncho wofuna malo pamsika kapena kalata yofunira ntchito ankayamba wagogoda kwa Ba Kabamba. Siginecha yawo inali yaitali, ya mchira wopindika, ndipo asanaiike ankapukuta cholembera pashati ngakhale chinalibe fumbi. Kunena zoona, bambowa anafika poganiza kuti m'Kabwata ngakhale nkhuku siingaikire dzira iwo asanasaine.

Mkazi wawo, Keziah, ankasoka madiresi pakhonde, ndipo Loweruka ankaimba kwaya ku tchalitchi cha Sabata. Anali ndi ana asanu, woyamba Emmy. Pa mimba yachisanu ndi chimodzi miyendo inatupa, mpweya unachepa, moti kuchoka pamakina kukafika pampopi ankapumira kawiri. Madokotala anati mtima wake watopa, ndipo mimbayo ikapitirira apita onse, mayi ndi mwana. Lamulo la nthawiyo linkalola kuchotsa mimba yotere ngati madokotala atatu asaina.

Ba Kabamba atangomva mawu akuti kusaina, anavala suti ya safari, n'kuika chidindo cha sekishoni m'thumba. Ankapita kukakana. Mwanayo anali wawo, ndipo za mtima wotopazi ankaziona ngati zoopseza za anthu ophunzira.

Kuchipatala anakumana ndi namwino wamkulu wa wodiyo, Sisita Josephine, amene anawaonetsa pepala.

"Nisaina pati, sisita? Nifuna kulemba kuti nakana."

"Palibe panu, ba Chairman. Mizele itatu ni ya madokotala, uyu umozi ni wa bakazi banu."

"Nanga ine mwine wa mwana?"

"Lamulo silinakuikeniponi."

Anatembenuza pepalalo, n'kulitembenuzanso. Kumbuyo kunali koyera. Zinawapweteka kwambiri, chifukwa pa zaka zonsezo pepala linali lisanawadutsepo chonchi. Anati nkhaniyi aifikitsa ku chipani, ndipo sisitayo anangowalozera bedi la mkazi wawo.

Anapeza Keziah atatsamira mapilo atatu, poti akagona chagada sankatha kupuma. Iwo ankayesa kuti wagwirizana kale ndi madokotala, koma mzere wake unali usanasainidwe.

"Bashi Emmy," anatero Keziah, kutanthauza bambo a Emmy, akupumira pakati pa mawu, "musavutike, sinizasaina. Ku church bazakamba ati Keziah anapaya mwana. Pa pepala paja palibe wa kwatu, nili neka. Lekani nife chabe."

Mkwiyo unathera pomwepo, n'kulowa mantha. Chimene anabwerera anali atachipeza popanda kutulutsa cholembera, ndipo chinali maliro. Anayang'ana miyendo ija, anakumbukira kamwana ka zaka ziwiri kamene anakasiya kwa aneba kakulira. Anakhala pampando wa odwazika.

Kenako anabwerera kwa sisita, n'kupempha pepala lija ndi rula.

"Nakuuzani kuti mzele wanu palibe," anatero Sisita Josephine.

Iwo anajambula mzere pansi penipeni, pamene panatsala kampata. Anapukuta cholembera pashati, anasaina ndi mchira wonse, n'kudindapo chidindo cha sekishoni. Sisita anati siginechayo ilibe mphamvu m'lamulo, mwinanso madokotala alembetsa pepala lina.

"Iyi si ya boma," anayankha Ba Kabamba. "Ni ya bana Emmy, bakazi banga."

Analitengera kubedi, n'kuliika m'manja mwa mkazi wawo.

"Bakafunsa ku church, muzikamba ati Kabamba anasaina. Baniziba panyumba panga."

Keziah anayang'ana mchira uja kwa kanthawi, analira, kenako anapempha cholembera.

Anatuluka m'chipatala patatha milungu itatu. Ku tchalitchi ena anasiyadi kuwapatsa moni, ndipo Ba Kabamba ankawayang'ana m'maso mpaka iwo aweramitse mutu. Mwanayo sanamuiwale. Ankati akanakhala mwamuna akanamutcha Jonas, ndipo akatchula dzinali mawu ankawathera.

Zaka zinapita, chidindo anachipereka kwa wina. Amuna anzawo akabwera kudzacheza pakhonde, nthawi zina nkhani inkafika pa lamulo lija, onse n'kugwirizana kuti mwamuna ayenera kukhala ndi mzere wake. Ba Kabamba ankagwedeza mutu kuvomereza, chifukwa mumtima ankaonabe kuti anachitidwa chipongwe. Koma tsiku lina Keziah akusoka pomwepo, Ba Kabamba anaonjezera mawu.

"Mzele uyenela kunkalapo, inde. Koma ngati ninaupeza siku ija, sembe ninalemba ati nakana."

Makina osokera anaima pang'ono, kenako anapitiriza.